Kafukufuku wa kayendetsedwe ka ntchito, zofalitsa nkhani ndi chikhalidwe cha anthu m'mayunivesite a ku Malawi: Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndakhala ndikufunsidwa kwa zaka zambiri. Ena amachokera kwa ophunzira a chaka chomaliza amene mutu wa kafukufuku wawazunguza, ena kwa atolankhani, ndipo ovuta kwambiri amachokera kwa amayi ndi abambo a m'midzi momwe ndinkafika ndi chikwama cha mapepala kumsana. Ndinayamba ndi ganyu yofunsa mafunso khomo ndi khomo, kenako ndinadzakhala m'gulu la owerengetsa mayankhowo. Ndikuyankha monga munthu amene waona mbali zonse ziwiri, sindikulankhulira yunivesite iliyonse.

Kodi kafukufuku ameneyu amafufuza chiyani kwenikweni?

Pa zikwangwani za madipatimenti mitu itatuyi imalembedwa payokhapayokha, koma kunja kuno imadyera mbale imodzi. Tengani nkhani ya feteleza wotsika mtengo, yemwe anayamba ndi makuponi mu nyengo ya ulimi ya 2005/06 n'kudzasintha kukhala AIP mu 2020. Wofufuza za kayendetsedwe ka ntchito amafuna adziwe kuti maina amalemba ndani, feteleza amanyamuka liti ku doko la Beira kapena Nacala, bwanji nthawi zina amafika pa depoti chimanga chili m'mawondo, ndipo kalaliki akalakwitsa amakayankha kwa yani. Wofufuza zofalitsa nkhani amatchera khutu ku wailesi kuti amve amene akupatsidwa mpata wolankhula, kaya ndi nduna kapena mlimi amene wagona pamzere masiku atatu. Wa chikhalidwe cha anthu amapita kukaona zomwe zimachitika thumba likafika pamudzi, pamene mabanja awiri kapena atatu amagawana ndi ndowa chifukwa amfumu safuna kunenedwa kuti ngokondera.

Aliyense mwa atatuwa akayenda yekha amabwerako ndi chidutswa. Ndondomeko imati thumba ili ndi la munthu mmodzi, wailesi imati anthu mwakuti apindula, mudzi wagawana kale. Ntchito yabwino ndi imene imalumikiza zitatuzi.

Amachitikira kuti m'dziko muno?

Malo akale kwambiri ndi University of Malawi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1964, n'kuyamba kuphunzitsa ku Blantyre mu 1965. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973, ndipo komweko mu 1979 kunatsegulidwa Centre for Social Research mothandizidwa ndi UNICEF. Ku Zomba kulinso ophunzitsa za ndale ndi kayendetsedwe ka boma, za chikhalidwe cha anthu, ndi za kufalitsa mauthenga a chitukuko. Utolankhani, bizinesi ndi zowerengera ndalama zinakhazikika ku Polytechnic ku Blantyre, yomwe kuyambira 2021 ndi yunivesite payokha yotchedwa MUBAS. Chaka chomwecho sukulu za udokotala ndi unamwino zinaphatikizana kukhala KUHeS. LUANAR ku Bunda imafufuza kwambiri mmene uthenga wa ulimi umafikira alimi, Mzuzu University ndi MUST ku Thyolo nazonso zili ndi ofufuza awo, kuphatikizapo mayunivesite a mipingo ndi oyima paokha.

Zomba ili ndi mwayi wina umene alendo ambiri saudziwa. National Statistical Office (NSO), ofesi yoona za ziwerengero, ndi National Archives, kosungira zikalata zakale, zonse zili komweko, moti munthu ukhoza kuwerenga ziwerengero za kalembera m'mawa, masana n'kukatsegula nyuzipepala za m'ma 1960.

Amafunsa anthu 1,200 okha, n'kumati "Amalawi akuti". Si bodza limenelo?

Amene anagulitsako fodya ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe akudziwa kuti wogula safunyulula belo lonse. Amasolola masamba pang'ono, koma sasolola pamwamba pokha, chifukwa amadziwa kuti wabwino amaikidwa pamwamba. Nkhani yagona pa malo osololapo, osati kuchuluka kwa masamba.

Kafukufuku wa Afrobarometer, wofunsa maganizo a anthu m'mayiko a mu Africa, yemwe anayamba mu 1999 ndipo Malawi anali m'gulu la mayiko 12 oyambirira, nthawi zambiri amafunsa akuluakulu 1,200. Kuno amayendetsedwa ndi Centre for Social Research. Madera amasankhidwa mwa maere kuchokera pa timagawo timene NSO inadula pochita kalembera. M'kagawo kalikonse amafunsamo anthu 8, mosinthanasinthana, khomo ili bambo, lotsatira mayi. Zikachitika motero, masamu amati yankho likhoza kuphonya ndi mapelesenti atatu, kukwera kapena kutsika. Ndiye mukamva kuti wandale wina ali pa 41 mnzake pa 39, palibe amene watsogola, ngakhale mutu wa nkhani ufuule bwanji.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse amakhala kumidzi. Choncho kafukufuku amene wangozungulira ku Ginnery Corner ndi ku Area 25 sangalankhulire dziko, ngakhale atafunsa anthu 10,000. N'chimodzimodzi mavoti a pa Facebook ndi ma SMS otumiza ku pulogalamu ya pa wailesi. Amenewo ndi maganizo a anthu amene anali ndi mayunitsi madzulo amenewo.

Nanga bwanji ine sanandifunsepo?

Chifukwa maere sanakugwereni. Pa akuluakulu mamiliyoni, ambiri a ife tidzafika kumanda tisanagogoderedwe.

Ofufuza akafika pamudzi amayamba bwanji?

Amayambira kwa bwanamkubwa ndi kupolisi kukaonetsa makalata, kenako kwa mfumu yaikulu, gulupu, mpaka nyakwawa. Wodumpha makwerero amenewa akudziputira ngozi. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, anthu anaphedwa pongoganiziridwa, ndipo mabungwe anabweza antchito awo. Mlendo wonyamula chikwama ndi kachipangizo kowala m'manja ayenera kudziwika kuti ndi ndani asanalowe m'njira za kumadimba.

Koma kudziwitsa amfumu kuli ndi vuto lakenso. Tsiku lina tinatumiza uthenga kuti tibwera mawa lake. Titafika tinapeza anthu oposa 100 atakhala pansi pa mtengo wa mango, aliyense chitupa cha unzika m'manja. Mbiri inali itawanda kuti kukubwera olemba maina a Mtukula Pakhomo.

Ndinagwada pang'ono n'kuwomba m'manja. "Wawa amfumu. Ife tachokera ku sukulu ya ukachenjede, sitikulemba maina a chithandizo ayi. Tingocheza ndi makomo 8 basi."

Amfumu anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mwanangu, makomo amenewo wasankha ndani? Anthu onsewa asiya makasu kumunda. Inu mukwera galimoto madzulo ano, wotsala ndi mlandu ndine."

Ananena zoona. Tinachita kufotokoza pamaso pa onse mmene timawerengera makomo, n'kuyambira pa mjigo anthu akuona, kuti pasadzakhale wonena kuti amfumu analoza abale awo. Ngakhale zinatero, agogo ena anatilondola mpaka pa galimoto akuti, "Bambo, langa lokha lembani, silivuta."

Ndiye anthu amayankha zoona?

Amayankha funso limene iwo alimva, kwa munthu amene iwo akuganiza kuti ndiwe. Akakuyesa wa chithandizo, mbuzi zimachepa ndipo njala imakula. Akakuyesa wa boma, boma limakhala likugwira ntchito yotamandika. Sikuti ndi anthu abodza, akungosamala, poti mlendo sumuuza za kuchipinda tsiku loyamba. N'chifukwa chake Afrobarometer pamapeto pa macheza amafunsa kuti "mukuganiza kuti watituma ndani?", kuti owerengetsa athe kuona ngati mayankho a oganiza kuti ndi boma akusiyana ndi a ena.

Nthawi zambiri wolakwa ndi funso. Mayi wina ndinamufunsa, "Amayi, m'nyumba muno muli wailesi?" Anati ilimo. Ndinachonga. Titamaliza, ndikumwa madzi amene anandipatsa, anaonjezera yekha: "Komatu achimwene, mabatire anatha chaka chisanalowe. Ndipo ikakhala ndi moto, bambo a kuno amapita nayo ku bawo." Pa pepala langa mayiyo anali munthu wofikiridwa ndi uthenga wa pa wailesi. M'moyo wake nkhani ankazimvera ku chigayo ndi ku mjigo. Kuyambira pamenepo ndimafunsa kuti munamvera liti komaliza, munamvera kuti, ndipo anatsegula ndani.

Kodi chilankhulo chili ndi kanthu? Si kungomasulira basi?

Apa ndi pamene kafukufuku wambiri amathyokera mwendo, eni ake osadziwa. Mafunso amalembedwa m'Chingerezi, nthawi zina ndi munthu wa ku London kapena Washington, n'kupatsidwa kwa womasulira kutatsala masiku awiri kuti gulu linyamuke.

Taonani liwu loti "boma". Kwa munthu wa kumudzi, boma ndi Capital Hill, boma ndi chipani cholamula, boma ndi kwa DC kumene amapita pa kabaza kukatenga chiphaso. Ukafunsa kuti "boma likuyendetsa bwanji zinthu?", anthu atatu akhoza kuyankha za zinthu zitatu, iwe n'kuziphatikiza kukhala nambala imodzi. Liwu loti "nkhani" nalonso ndi lotakata: za pa wailesi ndi nkhani, mlandu wa kwa amfumu ndi nkhani, miseche ya pa chitsime ndi nkhani. Funso loti "mumamva nkhani kangati pa sabata?" aliyense ayankha kuti tsiku lililonse.

Za ziphuphu ndiye zovutiratu. Ukafunsa munthu ngati anaperekako chiphuphu, akana, ndipo akana ndi mtima woyera. Iye anangopereka "ya fanta", kapena "anathokoza", kapena "anagula madzi". Ukamufunsa kuti "kuti chikalata chituluke msanga, panafunika kangachepe?", nkhani imatuluka yokha, ndi mtengo wake womwe.

Palinso mayankho a makwerero asanu aja, oti ndikugwirizana nazo kwambiri, pang'ono, ndili pakati, ndi zina zotero. Ife timayankha kuti "choncho", "bola", "kaya", "zili apo ndi apo". Wofunsa wotopa, dzuwa likuswa mtengo, amangosankha yekha bokosi loti aponyemo "bola". Gulu losamala limakhala pansi masiku angapo lisananyamuke, kugwirizana kuti mawu oterewa azitani nawo. Limapatsanso munthu wina, amene sanaone Chingerezi choyambirira, kuti abweze mafunso a Chichewa aja m'Chingerezi, n'kuona pamene tanthauzo lathawa. Kenako limakayesa mafunsowo pamudzi wapafupi.

Ndipo Chichewa si dziko lonse. Ku Mangochi agogo amamasuka m'Chiyao, ku Nsanje m'Chisena, ku Rumphi m'Chitumbuka, ku Nkhata Bay m'Chitonga, ku Karonga m'Kyangonde. Centre for Language Studies, yoona za zilankhulo, yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, ilipo ku Zomba, koma ofufuza ambiri amaikumbukira ntchito itawonongeka kale. Pa bajeti, ndalama ya womasulira imakhala yochepa kuposa ya mafuta a tsiku limodzi. Ine zimenezo zimandinyansa.

Kodi ndikhoza kukana kuyankha?

Kwambiri. Mukhoza kukaniratu, kudumpha funso lina, kapena kusiyira pakati, ndipo palibe chilango. Gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko limaletsa kuchitira munthu zoyesayesa za chipatala kapena za sayansi iye asanavomere, ndipo makomiti oona za ufulu wa ofunsidwa amatsata mfundo yomweyo pa kafukufuku wa macheza. Pa dziko lonse udindowu uli m'manja mwa National Commission for Science and Technology, yomwe ili ndi komiti yoona kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu, ndipo mayunivesite akuluakulu ali ndi makomiti awo. Wofunsa ayenera kukuuzani dzina lake, kumene wachokera, cholinga chake, nthawi imene mutenge, ndi kumene mayankho anu akasungidwe. Akafuna kujambula mawu kapena chithunzi, apemphe padera. Amene akukana kuonetsa kalata, mubwezeni ndi ulemu.

Amalipira?

Pa macheza a pakhomo nthawi zambiri ayi. Akakuitanirani ku sukulu kapena ku bwalo kuti mukambirane pagulu, amabweza ya mayendedwe ndi kupereka chakumwa. Malipiro akakula, anthu amayamba kuyankha zokondweretsa wolipira. Komabe maola awiri a mayi m'nyengo yopalira si aulere, ndipo ofufuza amene amalandira alawansi ya tsiku n'kumaumira ndi sopo mmodzi ayenera kuchita manyazi.

Ofufuza zofalitsa nkhani amayeza chiyani? Si kungomvera wailesi?

Kumvera kwake n'kwa wotchi m'manja. Nthawi ya kampeni amajambula nkhani za madzulo tsiku ndi tsiku, n'kuwerenga masekondi amene chipani chilichonse chapatsidwa, ndani walankhula ndi mawu ake, ndani wangonenedwa, ndipo wanenedwa moyamikira kapena monyoza. Mu nyuzipepala amayeza ndi rula kukula kwa nkhani ndi tsamba limene yaikidwa. Amawerenganso kuti mwa anthu ogwidwa mawu, amayi ndi angati, akumudzi ndi angati. Anthu awiri amawerenga nkhani zomwezo payekhapayekha, ndipo akasiyana kwambiri ndiye kuti muyeso ngolakwika. Ndi njira imeneyi dandaulo lakale loti MBC imakondera chipani cholamula linasiya kukhala la pa bawo n'kulowa m'malipoti a oyang'anira zisankho.

Mbiri yake imathandiza kumvetsa chifukwa chimene nkhaniyi ilili yotentha. Kuchokera mu 1964 mpaka ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, MBC inali wailesi yokhayo ya dziko, kanema kunalibe, ndipo lamulo la 1968 linapatsa Censorship Board mphamvu pa mabuku, mafilimu ndi zisudzo. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu Marichi 1992 ndi referendamu ya pa 14 Juni 1993 zinatsegula chitseko. The Nation inayamba mu 1993, lamulo la 1998 linabweretsa MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni, chaka chomwecho Dzimwe ku Monkey Bay inakhala wailesi yoyamba ya m'dera, kanema wa TVM anayamba mu 1999, Zodiak mu 2005. Kafukufuku wa maulendo angapo wakhala akuonetsa kuti wailesi ikadali njira imene Amalawi ambiri amamvera nkhani.

Pamene utolankhani umakumana ndi kayendetsedwe ka bizinesi ndi pa funso loti amadyetsa nyumba yofalitsa nkhani ndani. Ndalama zambiri zimachokera kwa otsatsa malonda, ndipo boma ndi limodzi mwa otsatsa aakulu. Mu 2010 nthambi za boma zinasiya kutsatsa mu nyuzipepala za Nation Publications, aliyense anaona mmene chingwecho chimakokedwera. Pansi pake pali chipondamthengo. Liwuli kale linali la kangachepe kopatsa sing'anga asanalowe m'tchire kukakumba mankhwala, lero atolankhani amatchulira envelopu ya pa msonkhano. Wofufuza amene angafunse mtolankhani kuti "mumalandira ziphuphu?" abwerako chimanjamanja. Afunse za malipiro a pamwezi, za amene amapereka galimoto yopitira kukatola nkhani ku Chitipa, ndi za nkhani imene inalembedwa koma sinatuluke.

Nanga za WhatsApp ndi Facebook?

Ophunzira ambiri amathamangira kumeneko chifukwa safunika ndalama ya minibasi. Koma zooneka pa Facebook ndi za anthu a m'tauni okhala ndi bandulo, pamene mphekesera zoopsa zimayenda m'magulu a WhatsApp a mpingo, a banja ndi a banki m'khonde, momwe wofufuza sangalowe mozemba popanda kuphwanya ufulu wa anthu. Chosangalatsa kufufuza ndi ulendo wa uthenga ukachoka pa foni: mnyamata wa pa shopu yotchajira mafoni amaseweretsa mawu ojambulidwa, anthu 10 amva, madzulo afika ku mjigo atasintha kale. Amene akusunga maina ndi manambala a anthu akumbukirenso kuti kuli lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti ndi lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu.

Kafukufuku wa kayendetsedwe ka ntchito si wa makampani okha?

Ayi. Chipatala cha boma, khonsolo, kopaletivi ya alimi a mkaka, komiti ya mjigo, zonsezi zimayendetsedwa, bwino kapena moipa. Cashgate ya 2013 anthu amaikumbukira ngati nkhani ya akuba, koma kwa wofufuza ndi nkhani ya dongosolo: zinatheka bwanji kuti malipiro alowe mu IFMIS, dongosolo la pa kompyuta loyendetsera ndalama za boma, cheke chituluke, kenako zolembedwazo zifufutidwe popanda belu kulira? Ndani ankayenera kuyerekeza mabuku a boma ndi a banki, ndipo ankachita kangati?

Chitsanzo china ndi mphamvu ku anthu. Lamulo la maboma ang'ono linabwera mu 1998, makhansala anasankhidwa mu 2000, koma kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linakhala opanda makhansala. Zaka zimenezo ndi mgodi kwa wofufuza: ankapanga ziganizo ndani, ndipo makhansala atabwerera, kukokanakokana kwawo ndi aphungu pa ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu (CDF) kunayenda bwanji? Mabuku ambiri ophunzitsira anachokera ku America ndi ku Britain, ndipo simupezamo mutu wa zimene bwana amachita maliro akagwa kwa wantchito wachitatu sabata imodzi, kapena wachibale wa mkulu wa bodi akafunsira ntchito. Zimenezo tiyenera kulemba tokha.

Kodi ofufuza ali ndi ufulu wonena zimene apeza?

Pa pepala ulipo, gawo 33 la Malamulo Oyendetsera Dziko limautchula. Unayesedwa mu Febuluwale 2011, pamene mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitanitsa Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa za ndale ku Chancellor College, kukamufunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi chokhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja, ndi zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi ponena kuti munali akazitape, ndipo maphunziro anasokonekera miyezi yambiri. Aphunzitsi anayi, kuphatikizapo Jessie Kabwila amene ankatsogolera bungwe lawo, anachotsedwa ntchito n'kudzabwezeretsedwa chaka chomwecho.

Masiku ano choopsa sichibwera ndi yunifolomu. Ofufuza akatulutsa zoti chipani china chili kumbuyo, amatukwanidwa kuti agulidwa, ndipo otukwanawo amadzawayamikira zotsatira zikawakomera. Chinanso ndi mantha a m'thumba: ukalemba zowawa za bungwe limene limakupatsa ganyu ya ukatswiri, chaka chamawa foni siilira.

Ndalama zake zimachokera kuti?

Zambiri zimachokera kunja, kwa mabungwe othandiza ndi mayunivesite a maiko ena. Zimenezi zathandiza kuti ntchito yambiri ichitike, koma woimba ng'oma ndiye amasankha gule. Chaka chimene kunja kwatchuka mutu wina, aliyense kuno amasanduka katswiri wake. Mitu imene ilibe mwini ndalama, monga mbiri ya nyuzipepala za m'Chichewa ngati Boma Lathu, Tikambe ndi Fuko, kapena mmene mabungwe a maliro a m'matauni amasungira ndalama zawo, imangodikira. Kawirikawiri Amalawi amatolera mayankho m'matope, ena n'kukalemba dzina lawo patsogolo pa pepala. Mgwirizano wabwino umanena poyambirira kuti adzalemba ndani ndipo mayankho adzasungidwa kuti.

Wodzilipirira yekha ndiye amalira. Kwacha itatsitsidwa ndi mapelesenti 44 mu Novembala 2023, ndinaona ophunzira akudula maboma atatu kukhala limodzi.

Ndine wophunzira wa chaka chomaliza. Ndisankhe bwanji mutu?

Chepetsani. "Mmene masamba a mchezo akukhudzira achinyamata m'Malawi" si mutu, ndi nyanja. "Mmene ogulitsa tomato pa msika wa Lizulu amadziwira mitengo ya ku Lilongwe" ndi mutu, chifukwa mukhoza kupita, kukhala nawo masabata awiri, n'kubwerako ndi chinthu chimene supavaiza wanu sankachidziwa. Sankhani malo amene mungafikeko ndi ndalama zimene muli nazo lero, ndi anthu amene mumalankhula chilankhulo chawo.

Musanalembe funso ngakhale limodzi, onani zimene zilipo kale. Mayankho a Afrobarometer ali pa intaneti ulere. NSO ili ndi malipoti a kalembera ndi a kafukufuku wa m'makomo, ndipo inachitapo limodzi ndi MACRA kafukufuku wa kagwiritsidwe ntchito ka mafoni, wailesi ndi intaneti mu 2014 ndi 2019. African Journals Online ili ndi zolemba zambiri za ofufuza a mu Africa. Za kale zili ku National Archives, ku gawo la mabuku okhudza Malawi (Malawiana) mu laibulale ya yunivesite ku Zomba, ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Ndipo sungani ntchito yanu malo atatu. Laibulale yonse ya Mzuzu University inapsa mu Disembala 2015, nanga kafulashi kanu n'kachiyani?

Za kugula pepala lolembedwa kale kwa anyamata a pa kona, tsiku loteteza ntchito yanu funso lachiwiri lokha lidzakuvulani.

Ofesi ikukana kundipatsa zikalata. Nditani?

Ndinapitako ku ofesi ina maulendo anayi. Ulendo woyamba kalata yanga inalandiridwa, wachiwiri inali itasowa, wachitatu bwana anali ku msonkhano ku nyanja, wachinayi mlembi anandimvera chisoni: "Achimwene, musamangosiya kalata. Muzibwera ndi ziwiri, inayo tizikudindirani." Langizo limenelo ndi limene ndimapatsa aliyense. Kalata yodindidwa, yokhala ndi tsiku, ndiyo umboni wanu.

Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza zikalata za boma linasainidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo woliyang'anira ndi Malawi Human Rights Commission. Litchuleni m'kalata yanu, ndipo nenani chikalata chenicheni chimene mukufuna ndi chaka chake. Mukangoti "chilichonse chokhudza bajeti", mwawapatsa njira yothawira.

Zotsatira zake zimathera kuti? Ife ofunsidwa tingazione bwanji?

Funso ili limandichititsa manyazi kuposa onse. Zambiri zimathera m'magazini a akatswiri, m'Chingerezi chimene ngakhale mphunzitsi wa sekondale angatope nacho, ena mwa magaziniwo olipiritsa madola kuti uwerenge. Zina zimakhazikitsidwa ku hotela ku Lilongwe, anthu n'kudya, kusaina alawansi, lipoti n'kukagona mu kabati. Pali zimene zimafika patali, monga za maganizo a anthu pa zisankho zomwe wailesi zimaulutsa m'Chichewa, ndi zina zimene zimalowa m'ndondomeko za boma mwakachetechete. Koma kubwerera kumudzi kumene mayankho anachokera n'kosowa, chifukwa pofika nthawi imeneyo ndalama ya mafuta inatha.

Njira zilipo ndipo si zatsopano. M'zaka za m'ma 1980 gulu la zisudzo la Chancellor College linkapita m'midzi, kufufuza mavuto pamodzi ndi eni mudzi, n'kuwasewera pabwalo kuti anthu atsutse kapena kuvomereza pomwepo. Lero kuli wailesi za m'madera ku Mchinji, Nkhotakota, Mzimba ndi kwina, zimene zingalandire wofufuza kwa theka la ola. Tsamba limodzi la m'Chichewa lopachika pa chipatala kapena kusiya kwa amfumu silidula.

Inu ofunsidwa, pepala la chilolezo limene amakusiyirani limakhala ndi nambala ya mkulu wa kafukufuku ndi ya komiti imene inavomereza. Lisungeni, ndipo pakatha chaka imbani mufunse. Amfumu akhozanso kunena poyambirira kuti alola ntchitoyo pokhapokha ofufuza atalonjeza tsiku lobwera kudzafotokoza zimene apeza.

Pamudzi wa mtengo wa mango uja ndinadzabwererako patatha zaka zitatu, pa kafukufuku wina wosiyana. Amfumu anandizindikira ndisanatsike n'komwe. Atandipatsa mpando anati, "Mwanangu, zija munalemba zija zinakathera kuti?" Lipoti lake linalipo, la masamba oposa 100, ndipo ndinali nalo mu kompyuta m'chikwama momwemo. Tinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikumasulira tebulo ndi tebulo, iwo akundiimitsa pamene akuona kuti tinamva molakwika. Anandiimitsa kanayi.